Tsiku limene nyanja inathawa amuna anga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wochokera kuno ku Coolock, mu Dublin. Ine ndine Nachisale, mayi wa ana awiri, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene amuna anga, aPhiri, anatsala pang'ono kundichokera ndikuona, thupi lili bwinobwino koma mtima utatheratu.

Chuma cha dziko lino chitagwa, kampani ya matabwa imene ankagwirako inatseka. Eni dziko omwe ankalongedza zikwama kukasaka ntchito ku Australia, nanga mlendo akanamulemba ndani? APhiri anayenda mpaka nsapato kutha, kenako anasiya kuyenda. Munthu amene kale ankalongolola mpaka ine kumuuza kuti pumani, anangoti zii. Ankakhala pampando makatani ali chitsekere, tiyi n'kuzizirira pambali. Akumudzi akaimba foni, ankandikodola kuti ndinene kuti achokapo. Ndinkachita mantha, ndipo ndisaname, ndinkapsanso mtima.

Neba wathu posamuka anatisiyira makayaki awiri, timabwato tapulasitiki tokwera munthu mmodzi. Ine ndinati zinyalala izi. Koma aPhiri ndi mwana wa msodzi wa ku Nkhotakota, ndipo atationa timabwatoto nkhope inasintha. Anatigoneka moyandikana kuseri kwa nyumba, n'kupingasa matabwa awiri pamwamba, kumanga ndi mabawuti ndi malegeni odula ku machubu a njinga. Pakati anakhoma pokhalira. Mlongoti unali paipi, thanga anasoka la lona ndi singano yanga yomwe. Ndinkawaseka kuti, "Kodi ulendowu ndi wa ku Malawi? Mundisungire malo." Koma mumtima ndinkathokoza Mulungu kuti manja ayamba kugwira kanthu.

Loweruka lina ndinabwera kuchokera ku shifiti ya m'mawa, kuseri kuli mbee, bwato palibe. Patebulo panali foni yawo ndi makiyi a nyumba. Jekete yoyandamitsa munthu m'madzi, imene ndinawagulira mochita kukakamiza, inali ikadali m'pepala lake. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti munthuyu sakufuna kubwerako.

Ndinaimbira bambo Mulenga, mnzathu wa ku Zambia wa kutchalitchi, amene ali ndi vani. "Mulamu, nawasiya na bwato ku chilumba cha Bull Island kuma teni," anatero. "Anakamba ati ni tesiti chabe." Nditawauza zimene ndinapeza kunyumba, anabwera kudzanditenga.

M'vanimo sindinapemphere pemphero lokongola ayi. Ndinkangobwereza kuti, "Ambuye, agwireni. Ine ndalephera, agwireni Inu." M'mutu ndinali nditayamba kale kusaka mawu okauzira apongozi ndi ana.

Titafika, nyanja kunalibe. Pamene bambo Mulenga anasiya madzi ali tho, panali matope okhaokha ndi mbalame zikujompha. Chapatali pakati pa matopewo panali bwato lija, thanga lili lende, munthu atakhala pamenepo atagwira mutu.

Inu amene simunafike kuno, nyanja ya mchereyi si ngati yathu. Yathu ukaisiya m'mawa, madzulo ukaipeza pomwepo. Ya kuno imabwera n'kubwerera tsiku ndi tsiku. APhiri anazimvapo kusukulu, koma zaka zonsezi ankangoionera pawindo la basi. Anasankha mbali ya kuseri kwa chilumba chifukwa madzi ake anali odekha ngati padoko la kwawo, osadziwa kuti ndi kumene kumaphwa kotheratu. Mphepo inaleka, thabwa lowongolera linazika m'matope, madzi n'kuwathawa pansi.

Ndinavula nsapato n'kulowa. Matope ake ozizira, ofika m'mawondo, yunifolomu yonse bii. Ndinagwa, ndinadzuka, ndikukuwa dzina lawo ngati wamisala. Nditafika ndinafuna kuwakalipira, koma iwo ndi amene anayamba kulankhula.

"Nachisale," anatero osandiyang'ana, "ngakhale nyanja yomwe yandikana."

"Ikukaneni ndithu," ndinatero. "Ine ndi ana sitinakukaneni. Tsikani tizipita."

Analira kulira kumene sindinakuonepo chikwatirane. Anatulutsa zonse: manyazi odyetsedwa ndi mkazi, manyazi ndi abale kumudzi amene ankawayesa bwana chifukwa ali kunja. Bambo Mulenga anakuwa ali kumtunda kuti madzi ayamba kubweranso. Tinatuluka titagwirana, bwato tinalisiya komweko.

Sindikuuzani kuti zonse zinatha tsiku limenelo. Lolemba lake tinapita kwa dokotala, ansembe athu anatipezera munthu wa uphungu, ndipo ntchito inachedwa kwambiri kupezeka. Mpaka lero masiku ena mdima uja umawabwerera, koma tsopano amanena, ndipo ali moyo.

Odziwa zinthu adzati nyanja imachita choncho masiku onse, ine sinditsutsa. Ndikungodziwa kuti ndinapempha Mulungu kuti awagwire, ndipo ndinawapeza atagwidwa. Ndimamuthokoza ndi mtima wanga wonse. Ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene akuzimiririka, musabise ndi manyazi. Mufunseni, itanani anthu, pempherani uku mukuyenda. Ndipo inu amene mukuona ngati onse akukanani, limbani, dikirani pang'ono pomwe mulipo. Alipo wina akuvula nsapato kuti akutsatireni.