Bowo la M'nsapato

Pasiteji ya basi, mtsikana wina ankaboola kasiponji ka m'kati mwa nsapato yothamangira ndi lezala. Agogo ena pambali pake anamuyang'anitsitsa mpaka analephera kuugwira mtima.

"Mwanawe, nsapato yabwinobwino ukuiwonongeranji?"

"Ndili ndi chotupa cholimba pansi pa phazi, agogo. Chikalowa m'bowomu, ndimathamanga osamva kuwawa kwambiri."

"Kuthamanga ndi chotupa? Udzalumala iwe! Akukuthamangitsa ndani?"

"Palibe. Adokotala anati si khansa. Ndinakhalapo pansi miyezi, chotupacho osachoka. Ndiye tizithamangira limodzi basi."

"Ana inu simumva. Samala chalacho, lezala sadziwa mwini wake!"

Kenako agogowo anavula nsapato yawo yakumanzere n'kuonetsa chotupa chawo pansi pa phazi.

"Ukamaliza undiboolereko yangayi. Kwa adzukulu anga basi safika, ndipo chaka chino sindinapondeko."