Kope la Chipolishi la Bambo Anga

Kalekale, ndisanaidziwe Doha ino, msewu wakwathu usanaone phula, bambo anga ankaphikira wansembe wina wochokera ku Poland. Wansembeyo analibe wocheza naye m'chinenero chake, ndiye ankaphunzitsa wophika wake. Inu a masiku ano mukafuna mawu mumangotosa foni, koma bambo ankalemba m'kope ndi pensulo, ndipo ankatiuza kuti m'Chipolishi dzina limasintha mchira kasanu ndi kawiri: mphaka ndi kot, ukamupatsa chakudya ndi kotu, akasowa ndi kota. Kusintha kulikonse kuli ndi dzina lake, ndipo mainawo ankawaimba posenda mbatata: miyanovuniki, dopeuniyachi, tselovuniki, biyeriniki, kenako ena awiri, kumapeto vowachi. Ine wolekezera sitandade sikisi ndinkangoseka.

Bambo anamwalira ndili pa shifiti ku hotela kuno ku Doha, ndipo abwana anati tchuthi palibe, halasi, kutanthauza kuti nkhani yatha. Pogawa katundu wa malemu, amalume anatenga njinga, achimwene anga a Dayitoni jekete, koma kope panalibe wolifuna. Nditafunsa pa foni, a Dayitoni anati, "Kabuku ka mawu a azungu kaja? Alamu ako anakulungira mandasi. Iwe umati tizidya mapepala?" Koma maliro anawajambula onse, bokosi, kwaya, ngakhale anthu akutafuna, n'kunditumizira.

Ndinayesa kuimba maina aja, asanu anabwera, awiri anakana. Iwe Yusufu wakhala apowe, usaseke, miyezi itatu ndinkakolopa makolido ndikuwasaka m'mutu. Kenako ndinalimba mtima n'kufunsa mayi wina wa ku Poland amene amaphika makeke kukhitchini kwathu ku hotela. Anadabwa, nandilembera onse papepala la maoda, nawatchula mwachangu. Osowawo anali pomwepo, narzędnik ndi miejscownik, ndipo ndinathokoza. Koma nyimbo ija iye sankaidziwa, ndipo mmene bambo ankawakokera awiriwo, kaya ankakweza mawu kaya ankatsitsa, palibe wamoyo angandiuze. Madzi akatayika sawoleka.

A Dayitoni sindiwayankha mpaka lero. Komatu inenso ndinakhala ndi foni m'dera lino la Al Asmakh zaka zinayi bambo ali moyo, ndipo ndinkangowafunsa za mvula.

Tsono lero ndi Lachisanu, simuli pantchito. Amene makolo anu alipo, tsikirani pansi apo pamene netiweki imagwira, muwaimbire foni, ndipo akayamba zija mumati n'zotopetsa, musawadule. Tiyi ndikusungirani.