Ng'oma ya Bambo Sitima Inaphunzira Kudikira

Malemu bambo Tobias Sitima anabadwa pa 9 Malichi 1951 ku Nazombe, m'banja la ana asanu. Ine Belita, wowerenga mbiriyi, ndine mlongo wawo wamkulu. Sindichulutsa mawu, dzuwa lakwera.

Sukulu anaiyamba mu 1959, analekezera Sitandade 6. Aphunzitsi ankadandaula kuti mwanayu desiki amaiyesa ng'oma. Asanamere ndevu anali akuimba kale ng'oma za tchopa pakati pa akuluakulu.

Mu 1972 analembedwa ntchito pa fakitale ya tiyi ku Mulanje. Mu 1975 anakwatira mayi Rozaria a kuno ku Mkhumba, amene ankatsogolera nyimbo mu kwaya. Mu 1983 makina a pafakitale anawadula zala zitatu za dzanja lamanja. Anabwerera kudzalima chinangwa, ng'oma n'kuipachika kudenga. Koma akagona, dzanja lija linkagundabe mphasa.

Mu 1995 anapita ku Limbe kukagula feteleza, n'kubwerako ndi kabokosi kakuda koimba ng'oma kokha, ndi chojambulira mawu chakale. Chaka chimenecho chimanga sichinabereke. Koma makwaya anayamba kubwera kudzajambulitsa nyimbo, ena wapansi kuchokera ku Jenala, ndipo ambiri muli panonu makaseti awo muli nawo.

Ntchitoyo inkayenda motere. Tepi inali ndi njira zinayi. M'njira zitatu ankajambulamo mawu a anthu. M'yachinayi ankaikamo kaphokoso kolira ngati nyenje, ndipo kabokosi kaja kankayenda potsata kaphokosoko. Batire ya galimoto imene inkayendetsa chojambuliracho ikafooka, tepi n'kuyamba ulesi, ng'oma nayo inkachepetsa liwiro, osasiyana.

Mayi Rozaria anatisiya mu Juni 1999. Pa tepi anasiyapo nyimbo imodzi yokha, imene anaimba pakhonde akusenda chinangwa, tsiku limene malemu ankayesa chojambuliracho. Nyenje ija munalibe, njira yachinayi inali yopanda kanthu. Amayiwo anaimba mmene mtima unafunira: apa kuthamanga, apa kuima n'kupuma, pena kuseka nkhuku imene inagwera m'lichero. Kabokosi sikadziwa kudikira munthu. Kankawasiya m'mbuyo, apo ayi kankawaponda.

Malemu anafunitsitsa kuwaimbira ng'oma akazi awo m'nyimbo imeneyo. Koma tepi inkaperepeseka nthawi iliyonse akailiza, mawu n'kumazilala ngati phiri la Michesi m'nkhungu. Atakopera pa kaseti ina, mawu anatuluka ngati a munthu wachilendo, ndiye anaikana. Zaka zinapita akuyesa, tepi ikutha. Ankatiuza kuti akakhala pakhondepo masana, amawaona amayiwo patsogolo panjira ya kumunda, dengu lili pamutu, akuimba osacheuka. Malemuwo akathamanga amawapitirira, akayenda amatsalira, koma kuyenda nawo limodzi kumakanika.

Chifuwa chinawayamba mu Okutobala 2003. Atatuluka m'chipatala mu Januwale chaka chino, anapempha mwana wawo Hilda kuti awatsamiritse kukhoma, awapatse botolo ndi supuni. Analiza tepi ija, natseka maso. Ndi zala ziwiri zotsala zija anayamba kugogoda botolo potsata mawu a akazi awo, kugogodako kukulowa m'njira yachinayi. Kenaka analumikiza kabokosi kuti katsate kugogodako. Pamene amayi apuma, ng'oma inaima. Pamene aseka, inawadikira amalize. Hilda akuti bambo ake anamvetsera kamodzi, anazimitsa, napempha phala.

Anamwalira Lachiwiri pa 17 Febuluwale 2004, ali ndi zaka 52. Asiya ana atatu, Hilda, Fraser ndi Gracious, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi ine.

Tikuthokoza a mpingo, makwaya amene mwagona pano, adzukulu amene akonza nyumba yawo yomaliza, amayi a kumoto, ndi bambo Makina amene atibwereka batire.

Bokosi likamatuluka tiliza nyimbo ija. Tiliza kamodzi. Musapemphe kubwereza, tepi yatsala ngati tsamba la anyezi. Ndipo inu onyamula, tcherani khutu. Pakati pa nyimbo pali poti amayi apuma, ng'oma n'kukhala chete. Batire sikuti yatha, musathamangire kukagwira mawaya. Imani pomwepo, muwadikire, kenaka mupitirire nawo limodzi.

Achimwene, mwawapeza. Mzimu wanu uuse mu mtendere.