Kanthambi ka Mayi Margarida

Mayi Margarida popita ku Nampula anasiyira amuna awo, bambo Amosi a ku Cuamba, ntchito imodzi yokha: kubzala kanthambi ka wisiteriya, duwa loyanga limene analivutikira kupempha ku Lichinga. Lero akubwera pa sitima, ndipo kanthambiko kakadali pansanza, kouma ngati mswachi, pamene mchimwene wa Margarida, Cosme, mlimi wa chinangwa wa ku Ngauma, akungoyang'ana.

"Alamu, ndafa ine," anatero Amosi, foni ili m'manja. "Kakufota."

"Bzalani."

"Ndibzale bwanji? Mzungu wa m'kanemayu akuti tidikire chipale chofewa chisungunuke."

"Chili kuti chipalecho?"

"Sichinagwe."

Cosme anayang'ana kumwamba. Dzuwa la Okutobala linali kuswa mtengo. Analowa m'baraka, kagolosale ka alamu ake, napala jelo, madzi oundana a mufiriji, nabwera naye pambale.

"Nachi. Onani, chasungunuka kale. Bzalani."

"Iyayi, chiyenera kugwa kuchokera kumwamba."

Cosme anakapalanso wina, nakwera pampando, nawaza. Zina zinagwera Amosi m'khosi.

"Chagwa."

"Musamasewere ndi sayansi, alamu. Akuti chigwe miyezi itatu."

"Ndiye zakumwa za makasitomala zitentha. Koma ndiyamba." Anatembenukira kubaraka.

"Bwererani kuno. Inu mumadziwa chinangwa basi. Ili ndi duwa la ku Ulaya, silibzalidwa ngati mbatata."

"Mzunguyo anafikako ku Cuamba?"

"Ali ndi anthu omutsatira mamiliyoni awiri. Inu amakutsatirani ndani?"

"Mbuzi zinayi."

Sitima inalira chapatali. Amosi anakhala pansi, thukuta lili kamukamu, ndipo kunena zoona anamvetsa chisoni. Mayi Margarida sakalipa, amangokhala chete sabata yathunthu, ndipo Amosi amaopa zimenezo kuposa matenda.

"Ndiwauza chiyani? Anakanyamula pamiyendo ulendo wonse wa pa minibasi ya chapa." Amosi anakapinda kanthambiko pang'ono, kanathyoka. Anakanunkhiza. "Alamu, bwanji kakununkha nandolo?"

"Ndi nandolo."

"Mwati chiyani?"

"Achemwali anati: kenikeniko mukabzale kuseri kwa bafa, pamene pamayenda madzi. Alamu anu muwapatse kamtengo kalikonse kuti azitanganidwa nako."

"Masiku khumi ndi awiri ndikufunditsa nandolo nsanza yonyowa, inu mukuona?"

"Anati ndikuuzeni mukafunsa. Mwafunsa lero."

Amosi anathamangira kuseri kwa bafa, Cosme akutsatira mosafulumira. Kanthambi kanali chilili m'matope, katatulutsa timasamba titatu. Amosi anayang'ana timasambato, nayang'ana foni, nayang'ananso timasamba.

"Sizingatheke. Kaphuka bwanji chipale chisanagwe?"

"Kalibe foni, alamu."