Chifuwa cha Achimwene Anga

Okondedwa omvera, ine ndi achimwene anga tinaphunzira tenesi pabwalo la kumgodi wa malasha ku Moatize. Tikamasewera mbali imodzi ndinkawathamangira mipira yakutali, chifukwa ndine ndekha amene ndinkadziwa kuti fumbi linawawononga chifuwa.

Kenaka tinalimbana tokhatokha m'masewero omaliza a mpikisano wina. Wopambana yekha ndiye amapita ku Maputo kukasewera molipidwa. Ndinayamba kuwathamangitsa dala, mpira uku, mpira uko, mpaka anagwira neti akutsokomola.

"Mng'ono wanga, iwe ukudziwa," anandinong'oneza.

Mpira wotsatira ndinaumenyera kutali kwambiri.

Lero tenesi ikundidyetsa. Iwo amalima kachewere ku Zóbuè, ndipo sanandidandaulirepo. Koma tikamacheza pafoni, akangoyamba kutsokomola, ine ndimadula.