Mpando Wanga Pafupi ndi Saidi

Abusa, azimayi ndi azibambo, abale anga nonse, landirani moni m'dzina la Yesu. Ndaima pano kuti ndichitire umboni, chifukwa nsanje inatsala pang'ono kundiumitsa.

Kusekondale kwathu ndimakhala desiki imodzi ndi Saidi wa ku Chiponde, mnzanga wosaona. Ntchito yanga ndi kumuwerengera zapabolodi, iye n'kumalemba ndi makina ake oboola timadontho papepala. Anzathu akamaguba padzuwa kukonzekera kulandira akuluakulu a chipani, ife tili pamthunzi, tikuwerenga.

Tsiku lina ndinamunong'oneza kuti aphunzitsi a Jogalafe atuluka. Sanatuluke, abale, anangoima chete pakhomo. Saidi anayamba kuwayerekeza mawu, ndi kachifuwa kawo komwe. Amayi apo mukuseka, ngakhale aphunzitsiwo anabisa kukamwa. Komabe anandichotsa, naikapo Joni, mwana wofatsa wa malaya osita.

Nsanje, abale, nsanje. Ndikaona Joni pampando wanga, ndinkayang'ana kumbali. Akamugwira dzanja Saidi popita kukadya, ine chakudya osatsika. Saidi akaseka, ndinkati waseka chiyani, Joni alibe nthabwala ngakhale imodzi. Joniyo ndinamuikira nkhanu yamoyo m'thumba, anakuwa mpaka kumveka ku Nkopola, koma pampando sanachoke. Ndinagwada n'kupemphera kuti Ambuye, musamuphe, mungomusuntha.

Kenako aphunzitsi anajambula mapu a mitsinje ya dziko lathu. Ine zithunzi zotere ndimamujambulira Saidi ndi chala pamsana, mzere ndi mzere, mpaka azione. Joni anangowerenga mokoma kuti apa pali chithunzi. Saidi atafunsa pamene Shire akutulukira m'nyanja, Joni anati apo, akuloza bolodi. Kuloza, abale! Mayeso a mapuwo Saidi analephera, munthu amene sanalepherepo. Anapita yekha kwa ahedi.

"Joni ndi wabwino," anatero, "koma ndibwezereni wabodza wanga uja. Pakamwa amanama, chala chake sichinama."

Lolemba anandibwezera. Ahedi anandifunsa ngati ndalapa, ndinawayankha kuti ndabwerera. Nkhanu ija sindikudandaula nayo, inali yaing'ono.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero langa. Joni ali kumbuyoko, ndikumuona, milomo yatalika. Mumupempherere, chifukwa matenda anga aja tsopano ali kwa iye. Enanu kondwerani nane, ombani m'manja mwamphamvu kuti amve bwino. Ameni.