Bokosi Lokodola Pafoni

Pa siteji ya basi, kalipentala wa mabokosi a maliro ankasuzumira foni ya mayi amene anakhala naye pabenchi. Chimene chinkaphethira pafonipo ankachidziwa bwino.

"Chabweranso," anatero mayiyo. "Ukati uwerenge nkhani, pamwamba pabwera bokosi la maliro, chivundikiro chikutseguka n'kutsekeka chokha."

"Koma chikutseguka bwino, eti mayi?"

"Bwino kwambiri, bambo. Ngati chikukukodola."

"Otsatsa malonda amati chithunzi chongoima anthu sachiona. Chiziyenda."

"Ndiye amachionadi. Amuna anga anachiona kamodzi ataledzera. Uno ndi mwezi wachitatu mowa osaulawa, fodya anataya, mankhwala a mtima akumwa osadumphitsa."

"Moti ali bwino?"

"Mpaka anenepa. Mwini bokosilo ndikanamudziwa, ndikanamupititsira nkhuku."

Kalipentalayo anayang'ana kumsewu, n'kusasa utuchi pa thalauza lake.

"Nkhukuyo bweretsani, mayi, mwini wake ndine. Ndinu achinayi kundithokoza. Katswiri amene anandipangira chithunzichi analonjeza kuti anthu azibwera okha. Lero mabokosi khumi ndi awiri angoti mbwee m'shedi, tauni yonse ikungochira."